Kugona mkati mwa linga la Bergamo

Lolemba

Ndafika, anzanga. Ndege yochokera ku Addis Ababa inatitula ku Malpensa, bwalo la ndege la Milan ku Italy, kusanache bwino, kenaka sitima mpaka Milano Centrale, kenakanso ina ya ku Bergamo yomwe sinathe ndi ola lomwe. Ukangotuluka pa siteshoni, msewu waukulu umalunjika kuphiri, ndipo pamwamba pa phirilo pali mzinda wina, nsanja ndi matchalitchi zitathithikana mkati mwa chikhoma chamiyala. Kumunsi kuno amati Città Bassa, kwa mabanki, masitolo ndi magalimoto. Kumtundako ndi Città Alta, mzinda wakale. Alendo ambiri amagona kumunsi kapena ku Milan, n'kukwera masana kukajambula zithunzi. Ine ndinasankha kugona kumtunda komweko, ngakhale chipinda chake n'chokwera mtengo.

Wina afunsa kuti bwanji Bergamo, osati Rome kapena Venice. Amene tinakulira ku Balaka dzinali tinalimva tili ana. Ansembe ambiri a chipani cha Montfort omwe anagwira ntchito kwathu kuja anachokera m'midzi yozungulira mzinda uno. Episkopi woyamba wa dayosizi ya Mangochi, a Alessandro Assolari, kwawo kunali kuno, ndipo a Alessandro Pagani, omwe anadzakhala episkopi wa dayosiziyi pambuyo pake, nawonso ndi a kuno. Ndinkafuna kuona kumene anthuwa anasiya.

Kukwera kumtunda ndinakwera funicolare, kangolo kokokedwa ndi chingwe pa njanji yotsetsereka. Kanayamba kuyenda mu 1887, ndipo tikiti yake ndi yomwe ija ya basi. Kamakwera pakati pa minda ya anthu, kuboola linga, n'kukutula pa Piazza Mercato delle Scarpe. Ntchito inayambira pamenepo. Misewu ya kuno inayalidwa miyala, ina yobulungira ya kumtsinje, ndipo mateyala a sutikesi yanga anachita phokoso loti bambo wina anasuzumira pawindo. Ndinainyamula m'manja. Nyumba ndikugonayi ilibe lifiti, chipinda chili pamwamba penipeni, ndipo masitepe ake amwala anakumbika pakati ndi mapazi a anthu.

Eni nyumba ndi mayi wachikulire, amakhala pansi pa ine. Moni titangopatsana anapempha pasipoti. Musadabwe zikakuchitikirani: lamulo la dziko lino limati aliyense wogoneka mlendo apereke dzina lake kupolisi pasanathe maola 24. Palinso kamsonkho kolipira usiku uliwonse, kopita ku khonsolo ya mzinda.

Tsono 10 koloko usiku, nditangopeza tulo, belu linayamba. Ndinati lilira kakhumi n'kusiya. Ayi ndithu, linangopitirira, mpaka galasi la pawindo kunjenjemera. Limeneli ndi Campanone, belu la pa nsanja ya mzinda, ndipo usiku uliwonse nthawi imeneyi limalira ka 100. Kale chinali chizindikiro choti zipata za linga zikutsekedwa, wotsalira kunja agona komweko. Zipata anasiya kutseka kalekale, koma belulo sanaliuze.

Lachiwiri

Phindu logona kuno ndaliona m'mawa. Cha m'ma 7 koloko msewu waukulu, Via Gombito womwe umapitirira kukhala Via Colleoni, unali wa eni ake: timagalimoto totula katundu m'masitolo, ana a sukulu, agogo ndi agalu awo, wansembe akuthamangira kwina. Galimoto sililowa mwachisawawa m'dera lino. Pa zipata pali zikwangwani za ZTL, zoletsa magalimoto opanda chilolezo, ndi makamera, ndipo wolowa popanda chilolezo kalata ya chindapusa imamupeza kwawo. Amene mumakonda kubwereka galimoto mukafika dziko la eni, lisiyeni kumunsi.

Khofi ndinamwera chiimirire pa kauntala monga achitira eni dziko. Ndi kakapu koti kumeza kawiri katha. Ukakhala pampando panja pa bwalo, kakapu komweko mtengo umasintha.

Piazza Vecchia ndiye mtima wa mzindawu. Pakati pali kasupe amene Alvise Contarini, nduna yoimira Venice, anapereka mu 1780. Mbali ina kuli nyumba yoyera ya laibulale ya Angelo Mai, mbali inayo Palazzo della Ragione, nyumba yakale ya boma la mzinda ya zaka za m'ma 1100, ndipo pambali pake nsanja ya belu londisowetsa tulo lija, yotalika mamita opitirira 50. Ukadutsa kunsi kwa Palazzo della Ragione, pansi pali mzere wautali wojambulidwa pamwala mu 1798, pomwe kuwala kwa dzuwa kodzera pakabowo kamwamba kumagwa masana enieni. Anthu amaupondaponda osadziwa.

Kuseri kwake ndi komwe ndathera tsiku. Tchalitchi cha Santa Maria Maggiore anayamba kuchimanga mu 1137, pokwaniritsa zomwe anthu analumbira kwa Amayi Maria pa nthawi ya mliri. Chilibe khomo lakumaso. Umalowera m'mbali, pa khonde lomwe mizati yake yakhala pamisana ya mikango ya mwala wofiira, kapena kuseri komwe mikango yake ndi yoyera. Kunja n'chosalira zambiri, koma mkati mulibe malo opumitsirapo maso: golide, nsalu zazikulu zoluka, zithunzi mpaka kudenga. Kunena zoona zinandichulukira. Chomwe chinandigwira ndi timatabwa ta kutsogolo kwa guwa, tojambula nkhani za m'Baibulo popanda utoto. Lorenzo Lotto anajambula, mmisiri Giovan Francesco Capoferri n'kudula tizidutswa ta mitengo yosiyana mitundu, kulumikiza mpaka kutuluka chingalawa cha Nowa, madzi akusefukira, Davide ndi Goliati. Ndinayandikira kwambiri kufuna kupeza polumikizira, mpaka woyang'anira anakhosomola.

Tchalitchichi si cha episkopi. Chimasamalidwa ndi bungwe la akhristu wamba la Misericordia Maggiore, lomwe linayamba mu 1265 pothandiza osauka, ndipo likadalipo.

Chogundizana nacho ndi Cappella Colleoni, katchalitchi ka miyala yofiira, yoyera ndi yakuda. Bartolomeo Colleoni anali mkulu wa asilikali aganyu, womenyera nkhondo amene walipira bwino, ndipo pomaliza anatsogolera asilikali a Venice. Anafuna manda ake akhale pakati pa mzinda, ndiye anagwetsa chipinda chovalira ansembe cha tchalitchi chija kuti apeze malo. Anamwalira mu 1475. Mkati muli chifanizo chake chagolide atakwera hatchi. Pa geti lachitsulo panja pali chizindikiro cha banja lake, ndipo zomwe zajambulidwapo ndi ziwalo za abambo zomwe sititchula pagulu, zitatu m'malo mwa ziwiri. Anthu amazisisita kuti apeze mwayi, mpaka zinachita kunyezimira. Ndinaona mayi wovala bwino akusisita, mwamuna wake akujambula. Ine manja anali m'thumba.

Lachitatu

Lero linali tsiku la linga. Ndalizungulira wapansi, makilomita opitirira 5, pansi pa mitengo yomwe masamba ake ayamba kufiira ndi kuyoyoka. M'mawa chigwa chonse chinali mu nkhungu, nsonga za nsanja za kumunsi zokha zikuoneka. Akuti kukayera bwino nyumba zitalizitali za ku Milan zimaoneka kuchokera pa Porta San Giacomo, chipata cha mwala woyera chija chomwe aliyense amajambulitsapo. Ine ndinaona nkhungu basi.

Venice inalamulira Bergamo kuyambira 1428 mpaka 1797, n'chifukwa chake pa zipata pali mkango wamapiko wa Marko Woyera. Mzindawu unali kumalire ndi dziko la Milan, lomwe nthawi imeneyo linali m'manja mwa Spain, ndiye mu 1561 akuluakulu a ku Venice analamula kuti pamangidwe linga lolimba ku mizinga. Ntchito inatha mu 1588. Zipata zikuluzikulu ndi zinayi: San Giacomo, Sant'Agostino, San Lorenzo ndi Sant'Alessandro.

Chimene zithunzi za pa Instagram sizinena ndi ichi: kuti lingali lidutse, nyumba zoposa 200 zinagwetsedwa, pamodzi ndi matchalitchi ndi nyumba za amonke. Ngakhale tchalitchi chakale cha Alessandro Woyera, nkhoswe ya mzinda, momwe munali manda ake, sichinapulumuke. Kunja kwa Porta Sant'Alessandro kwangotsala mzati umodzi wosonyeza pomwe chinali. Ndipo pambuyo pa zonsezi, palibe mdani anabwera kudzalizinga. Anthu anasamutsidwa chifukwa cha nkhondo yomwe sinafike. Mu 2017 UNESCO inaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse, ndipo lero achinyamata amakhala pamwamba pake miyendo ili lende, akudya pizza. Ndi lokongola, sindikana. Koma ndinayenda ndikuganiza za mayi amene anauzidwa kuti anyamule miphika chifukwa khoma lidutsa pakhitchini pake.

Miyendo ikuwawa. Kuno kulibe njira yosakwera kapena kutsika.

Lachinayi

Mayi a nyumba anandiitana nkhomaliro. Chingerezi chawo ndi mawu owerengeka, Chitaliyana changa n'chimodzimodzi, ndiye foni inali pakati pathu patebulo kutanthauzira, manja n'kumalizitsa zotsala.

Nditalowa kukhitchini ndinaseka ndekha. Madzi akuwira mu m'phika wamkuwa, iwo akuwaza ufa ndi dzanja lamanzere, lamanja likutakasa ndi mthiko. Polenta ndi nsima, anzanga, tisanamizane. Kusiyana kwake, ufa ndi wachikasu ndi wokhakhala kuposa mgaiwa, m'madzi amathiramo mchere, ndipo amaitakasa pamoto wochepa kwa mphindi 40 kapena kuposa. Saomola ndi chipande. Amakhuthulira yonse pathabwa, n'kumadula. Yomwe anaphika lero ndi taragna, yosakaniza ndi ufa wina woderapo wa buckwheat, ndipo pomaliza anaponyamo batala ndi tchizi cha m'mapiri mpaka inayamba kutamuka. Ndinapempha mthiko. Atandiona kagwiridwe anaimika manja m'chiuno.

"Mwana wanga, unaphunzira kuti?"

"Kwathu, amayi. Timadya tsiku lililonse."

"Ndi chiyani?"

Ndinawaonetsa chithunzi cha nsima ya usipa ndi chisoso. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati timagwiritsa foloko. Nditati ayi, anati agogo awo kumudzi ku Val Seriana nawonso ankadya ndi manja.

Chimanga chinafika kuno kuchokera ku America monga chinafikira kwathu, ndipo chinakhala chakudya cha osauka. M'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 alimi a kumpoto kwa Italy ankadya polenta yokhayokha popanda ndiwo zokwanira, ndipo ambiri anadwala pellagra, nthenda yosupula khungu ndi kusokoneza mutu. Nthenda yomweyi inavuta m'misasa ya othawa nkhondo a ku Mozambique kwathu cha m'ma 1990. Lero polenta yomweyo ikugulitsidwa pa mtengo wa alendo m'malesitilanti a pa Piazza Vecchia.

Titadya, nkhani inatembenuka. Mayiwa anabadwira mkati mwa linga. Akuti ali mtsikana Città Alta sanali malo osiririka: nyumba zachinyezi, mabanja kuthithikana, chimbudzi chimodzi pakhonde cha anthu onse. Amene anapeza ndalama anathawira kumunsi ku nyumba zatsopano. Kenaka nyumba zakalezi zinakonzedwa, olemera anabwera, ndipo tsopano kwabwera ife. Anandiwerengera ndi zala masitolo omwe anatsekedwa mumsewu wawo: wogulitsa nyama, wosoka nsapato, wogulitsa misomali ndi mababu. M'malo mwake muli ayisikilimu ndi timphatso. M'nyumba muno, mwa makomo onse a pa masitepe, okhalamo chaka chonse ndi iwo ndi bambo wina wokalamba. Enawo ndi a alendo ogona masiku awiri.

Sindinadziwe poika nkhope, poti chipinda ndikugonacho chinali cha mwana wawo wamkazi, yemwe anasamukira kumunsi chifukwa ngolo ya mwana siyenda pa masitepe awa ndipo galimoto alibe poimika. Iwo anaona, n'kundigwira dzanja.

"Usadandaule. Ndalama yako ndi yomwe ikukonzetsa denga. Popanda inu nanenso ndikanatsika."

Zonse ziwiri n'zoona, ndipo sindikuona kuti china chikufafaniza chinzake.

Za 2020 anayamba okha. Bergamo ndi umodzi mwa mizinda yomwe Covid inakantha koyambirira ndi koopsa ku Ulaya. Pa 18 Malichi chaka chimenecho magalimoto a asilikali anatuluka mumzinda usiku atanyamula mabokosi a maliro kupita nawo kumizinda ina, chifukwa malo otenthera mitembo kuno anali atalephera. Tsikuli tsopano ndi lokumbukira omwalira ndi mliriwu m'dziko lonse la Italy. Mchimwene wa mayiwa anamwalira mwezi womwewo, ndipo sanamuone, sanaike nawo maliro. Akuti m'misewu munalibe phazi la munthu, kumangomveka ma ambulansi kumunsi. Apa foni sinafunikenso. Ndinati pepani m'Chichewa, iwo anagwedeza mutu, n'kunyamuka kukateleka khofi.

Lachisanu

Mvula tsiku lonse, ndipo miyala ya m'misewu ikanyowa imaterera. Ndachapa, koma poyanika ndi kachingwe ka kunja kwa windo, ndiye zovala zili pampando pafupi ndi chotenthetsera m'nyumba. Pa Via Mario Lupo pali malo ochapira akale a mwala woyera, ofoleredwa ndi denga lachitsulo, omwe anamangira amayi a kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 nyumba zilibe mipopi. Ndinabisalapo mvula.

Zinyalala nazo ndi sukulu. Mapepala pawokha, mabotolo pawokha, mapulasitiki pawokha, zotsala za chakudya pazokha, ndipo chilichonse chili ndi tsiku lake lotulutsa. Mayi a nyumba anamata ndandanda pa chitseko cha firiji.

Madzulo ndinatsika kukagula zinthu ku supamaketi, poti kumtunda tomato amagulitsidwa ngati mankhwala. Kumunsi, cha ku Via Quarenghi kufupi ndi siteshoni, ndi komwe ndinakumana ndi Bergamo wina: anthu a ku Senegal, Morocco, Bolivia, Bangladesh, masitolo a chinangwa, therere ndi nsomba zouma. Ambiri mwa otsuka mbale ndi oyala mabedi a kumtunda amakhala kuno. Mkati mwa linga munthu wakuda ndimamuona mwa apo ndi apo, kawirikawiri atavala epuloni.

Mu bala ina bambo wina atamva kuti ndine wa ku Africa anafuula kuti "Lookman!" n'kundigwira chanza ngati ndine mbale wake wa mnyamatayo. Ademola Lookman wa ku Nigeria ndi amene anagoletsa zigoli zonse zitatu pomwe Atalanta, timu ya mzinda uno, inagonjetsa Bayer Leverkusen 3-0 mu fainolo ya Europa League ku Dublin mu 2024. Ndinayesa kufotokoza kuti Malawi ndi Nigeria n'kutali. Sizinamukhudze, ndipo khofi analipira ndi iye.

Loweruka

Lero ndamvetsa zomwe mayi aja ankanena. Pofika 11 koloko mzera wa funicolare unali utafika kumsewu, ndipo mu Via Colleoni, yomwe eni ake amati Corsarola, timayenda mogundana mapewa. Bwalo la ndege la Orio al Serio lili pafupi kwambiri, ndege zotchipa za Ryanair zimatera motsatizana, ndipo basi nambala 1 imachoka pabwalopo mpaka kumtunda kuno. Munthu akhoza kudzuka ku London, kudya nkhomaliro pa Piazza Vecchia, n'kukagona kwawo. Kuti ndilowe pakhomo pathu ndinachita kupempha anthu omwe anakhala pa sitepe akudya. Ndinadzimva ndikung'ung'udza kuti alendowa achuluka, ine mlendo mnzawo.

Ndinathawira ku Colle Aperto. Kumeneko kuli La Marianna, komwe mu 1961 anayambitsa ayisikilimu ya stracciatella, yamkaka yokhala ndi tizibenthu ta chokoleti. Ndinadya ngakhale kukuzizira. Kenaka ndinatuluka pa Porta Sant'Alessandro n'kutsetserekera ku Borgo Canale, kukaona nyumba yomwe Gaetano Donizetti, wopeka nyimbo za opera, anabadwira mu 1797. Banja lake linali losauka, linkakhala m'zipinda za pansi pa nthaka, zamdima, kunja kwa linga. Anamwalira mu 1848, ndipo manda ake ali mu Santa Maria Maggiore, pakati pa golide uja. Kunyumbako tinalipo anthu owerengeka.

Funicolare yachiwiri, ya mu 1912, imakwera kuchoka pafupi ndi chipata chomwecho kupita ku San Vigilio, komwe kuli mabwinja a linga lina laling'ono. Kuchokera kumeneko Città Alta yonse imaoneka pansi pako, madenga ofiira okhaokha, ndipo kumbuyo kuli mapiri oyambira Alps. Ndinatsika wapansi kudzera m'tinjira ta masitepe pakati pa minda ya mphesa ndi ndiwo zamasamba. Mphindi zochepa kuchoka pa chipwirikiti chija, munthu akulima kabichi.

Chakudya chamadzulo chinali casoncelli, timatumba ta pasta toikamo nyama, tothiridwa batala, masamba a sage ndi nyama yankhumba yokazinga. Pa bilu panali ndalama ina yotchedwa coperto, yolipirira malo ndi buledi. Si kuba, ndi mwambo wawo, ndipo imalembedwa pa menyu. Keke yachikasu yomwe ili m'mawindo onse, polenta e osei, yokhala ndi timbalame ta chokoleti pamwamba, ndi shuga yekhayekha. Gulani kamodzi kakang'ono mugawane.

Lamulungu

Misa ndinakapemphera ku Duomo, tchalitchi cha Alessandro Woyera. Muli kachipinda kokumbukira Papa Yohane XXIII, Angelo Roncalli, mwana wa alimi wa ku Sotto il Monte yemwe anabadwa mu 1881, anaphunzira ku seminale ya kumtunda kuno, n'kukhala papa kuyambira 1958 mpaka 1963. Ndi iye anaitanitsa msonkhano waukulu wa Vatican II, womwe unatsegula njira yoti Misa izichitika m'zilankhulo zathu m'malo mwa Chilatini. Chipatala chachikulu cha mzinda uno chili ndi dzina lake.

Opemphera ambiri anali a imvi. Nyimbo ankatsogolera mayi mmodzi pa maikolofoni, anthu akuyankha chapansipansi, ndipo Misa yonse sinakwane ola. Kumbuyo alendo ankalowa ndi kutuluka, mafoni m'mwamba, bambo wina akuwaletsa ndi chala pakamwa. Ndinakhala ndikudzifunsa kuti dera lomwe linatumiza ansembe ambiri chotere ku Balaka ndi ku Mangochi latsala ndi angati a mawa. Pa nthawi ya mtendere agogo a pambali panga anandigwira manja onse awiri.

Wofuna kubwera, langizo langa ndi ili: gonani kumtunda, koma pakati pa sabata, ndipo funani nyumba yomwe mwini wake amakhala momwemo, osati ya kabokosi ka makiyi pakhomo. Nsapato zikhale zafulati. Ngati muli ndi vuto la mawondo kapena mwana wa pangolo, gonani kumunsi, mudzakwera masana.

Mawa ndikupita ku Sotto il Monte. Mayi a nyumba andipatsa tchizi chokulunga m'pepala, ndipo andipempha kuti ndituluke isanakwane 10 koloko ndi kusiya mawindo otsekula, chifukwa mtsikana woyeretsa akwera ndi funicolare ya m'mawa, ndipo banja lina la ku Poland lifika 2 koloko. Pa kalendala yawo ya kukhitchini chipinda chija n'chodzaza mpaka Khirisimasi.